Moni Wopanda Mulungu

"Wauza yani, Jouko?"

Kaisu anafunsa manja onse ali mu ufa wa mabanzi umene ankakanda. Sanatembenuke. Ankadziwa kuti akangomuyang'ana kumaso mwamuna wakeyo alira, ndipo ana anali pabalaza pomwepo, chitseko chili chotsekula.

"Bambo Reino okha."

"Okha? Bambo Reino alibe mkazi? Mkazi wawoyo alibe foni?"

"Usayankhule choncho za mlaliki."

"Ndiyankhule bwanji? Undiphunzitse."

Jouko anali chiimire pakhomo la khitchini. Anali ataiwala kuvula nsapato zakuntchito, ndipo chipale chofewa chimene analowa nacho kuchokera panja pozizira chinkasungunuka pansi. Chipewa anachifinya m'manja ngati munthu wobwera kudzanena maliro.

"Ndimalephera kuimba, Kaisu," anatero motsitsa mawu. "Kumsonkhano ndikatsekula pakamwa, nyimbo imandikakamira pakhosi. Ndikakhala ndekha m'lole, mitengo ili phaa kumbuyo, msewu uli woterera, ndimangoganiza kuti likandigubudukira lero ndikafikira kuti. Sindinapite kukanena iwe. Ndinakadzinena ndekha. Ndinati ndinavomereza tchimo, ndikufuna kukhululukidwa."

"Tchimolo unalitchula dzina?"

"Ukudziwa kuti limatchulidwa. Sungangoti ndalakwa basi."

"Ndiye iwe wakhululukidwa."

"Inde."

"Wapepukidwa. Ukugona bwino."

Jouko anafinyanso chipewa chija.

"Koma lupu wa kulera uja ali m'mimba mwanga, Jouko. Iwe wakasamba, wayera, ine wandisiya naye."

Mwana wakhanda, Otso, analira kuchipinda. Kaisu anapukuta manja pa epuloni koma sanapite. Otso anali wachisanu, ndipo anabadwa pa opareshoni monga anzake atatu am'mbuyo. Tsiku limenelo dokotala, mayi wachikulire wa tsitsi loyera, anakhala pamphepete mwa bedi, nagundanitsa zala ziwiri mpaka kutsala kampata kosaoneka. Anati chiberekero chapyapyala chotere pamene tinasokapo. Mimba ina ikhoza kuchiphulitsa, ndipo kuno muli kutali ndi chipatala.

"Unalipo iwe," Kaisu anatero. "Unagwira dzanja la dokotala uja. Unati chitani chilichonse. Mawu ako amenewo, si anga."

"Ndinali ndi mantha."

"Panopa atha?"

"Panopa ndili ndi mantha awiri," Jouko anatero. Anawerama, navula nsapato, nakatenga mwana.

Lamlungu anakwera onse m'minibasi yawo n'kupita kunyumba ya msonkhano, kutsidya kwa mtsinje. Kaisu ananyamula mathireyi a mabanzi pamiyendo. Inali sabata yake ya kukhitchini, ndipo ankaikonda ntchitoyo kuyambira ali mtsikana: kuwiritsa khofi wa anthu onse, kudula buledi wakuda, kuyala makapu, kumva nyimbo ikudutsa khoma.

Pakhomo anthu ankapatsana manja monga mwa masiku onse, uku akuvula majekete. Moni wa Mulungu, moni wa Mulungu, mawuwo ankangoyenda pakamwa ndi pakamwa ngati mpweya. Kaisu anabadwira m'moni umenewu. Sanauganizirepo n'kamodzi komwe, monga munthu saganizira za pansi pamene akuponda.

Bambo Reino anagwira dzanja la Jouko ndi manja awiri. "Moni wa Mulungu, Jouko." Anawerama kwa Senni, mwana woyamba wa Kaisu, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. "Moni wa Mulungu, Senni. Mano aja apita kuti? Wagulitsa?" Kenako anafika pa Kaisu. Anamwetulira ndithu, dzanja lawo linali lofunda.

"Moni, Kaisu."

Kaisu anayembekezera mawu otsalawo. Sanabwere. Bamboyo anali atapita kale kwa wina.

Mwina aiwala, anadziuza. Ndi okalamba, anthu ndi ambiri. Koma mkazi wawo anatinso moni, Kaisu. Mnzake amene ankakhala naye desiki imodzi kusekondale anati moni, maso ali pa batani la jekete lake. Moni umene amapatsa wonyamula makalata, kapena mnyamata wa pamalo omwetsera mafuta.

Kukhitchini anapeza mayi wina atavala kale epuloni.

"Tati upumule, mwana akadali wamng'ono," anatero mayiyo uku akulandira mathireyi. "Eee, koma ndiye akununkhira. Dzanja lako silinasinthe."

Kaisu anakakhala kumbuyo, pa benchi la amayi oyamwitsa. Bambo Reino analalikira pang'onopang'ono monga amachitira, ngati akucheza pakhonde. Anati kupembedza si Lamlungu lokha, si m'nyumba muno mokha. Bambo amene akudula mitengo mokhulupirika akupembedza. Mayi amene akusintha thewera, amene akusenda mbatatesi, amene wadzuka kachitatu kukatonthoza mwana, ameneyo ali paguwa. Khitchini yake ndi yopatulika. Thupi lake lotopalo ndi lopatulika, ndipo si lake.

Mawu amenewa ndi amene ankamunyamula Kaisu zaka zonsezi. Mmawa wamdima, makina ochapira akulira, mwana wina atasanza, wina akukana kuvala, ankawakumbukira n'kuyamba kuimba. Lero anali omwewo, osasintha n'limodzi lomwe, koma anamva ngati akumutchula dzina. Anayang'ana mitu ya amayi inali kutsogolo kwake. Palibe anacheuka. Kusacheukako n'kumene kunamuuza kuti onse akudziwa.

Pambuyo pake anthu anadya mabanzi ake mpaka kutha.

Pakati pa sabata, Jouko atanyamuka ndi lole kupita kumpoto, apongozi ake, mayi Elvi, anabwera. Ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, ndipo sankagogoda. Anavula nsapato, napachika jekete, napatsa adzukulu moni wa Mulungu mmodzimmodzi. Atafika pa Kaisu anatsekula pakamwa, natsekanso, nangomugwira phewa.

"Bweretsa mpeni wina," anatero. "Mbatatesi zonsezi wekha?"

Anakhala moyang'anizana, chidebe pakati. Kunja kunali kutayamba kale kuda ngakhale kuti anali masana, monga kumachitira nyengo yozizira kuderali.

"Waonda," mayi Elvi anatero. "Ukudya?"

"Ndikudya, amayi."

"Ukunama. Ine ndabereka khumi ndi atatu, nkhope ya mayi wosadya ndimaidziwa." Anaponya mbatatesi m'madzi. "Sindinabwere kudzakukalipira. Ndabwera chifukwa pakhomo paja mawu anandikanika kutuluka, ndipo zikundiwawa. Iwe ndi mwana wanga. Ndinakuona ukukwawa."

"Ndiye mungondipatsa moniwo, amayi. Ndi mawu awiri okha."

"Ndikanama pamaso pa Mulungu kuti iwe usangalale?"

"Ine ndikukhulupirira. Sindinasinthe kalikonse. Ndimapemphera, ndimaimba ndi ana, sindinaboole makutu, sindinapite kukavina. Chimene ndachita n'kufuna kukhala moyo."

"Wauza Mlengi kuti apa pokha musalowepo. Zina zonse tengani, koma chipinda ichi ndatseka. Ndiye ukuti sunasinthe?"

"Dokotala anati ndikhoza kufa."

"Madokotala." Mayi Elvi anaseka pang'ono, osati monyoza, koma ngati akumbukira mnzawo wakale wovuta. "Inenso anandiuza. Pa mwana wachisanu ndi chinayi ndinataya magazi mpaka kuona denga likuzungulira. Dokotala anabwera ndi pepala, ati sainani tikutsekeni. Anakalipira apongozi ako aamuna ngati kamwana. Ndinakana. Ukudziwa wachikhumi ndi yani?"

Kaisu ankadziwa. Mpeni unaima m'dzanja lake.

"Jouko," mayi Elvi anatero. "Ndikanasaina, iwe ukanakwatiwa ndi yani? Senni akanachokera kuti? Tayang'ana pabalazapo, uwerenge amene ndikanawafufuta ndi cholembera chimodzi."

Pabalaza anyamata awiri ankalimbirana kagalimoto kamatabwa. Kaisu anawayang'ana. Anafunafuna yankho m'mutu monse, m'zonse anaphunzira kusukulu, koma chimene anapeza chinali chaching'ono.

"Nanga amene sanapulumuke, amayi? Mayi a Tuovi aja, amene anamwalira pobereka?"

"Ali kwawo kwa Atate. Ana awo anakula, mpingo unawalera. Palibe anagona ndi njala."

"Tuovi mpaka lero sadziwa nkhope ya mayi ake."

"Adzaidziwa." Mayi Elvi anapukuta mpeni pa nsalu. "Mwana wanga, ukuopa imfa yaing'ono, ukuiwala yaikulu. Palibe akukuthamangitsa. Khomo lili chitsekukire. Tsiku limene udzakonze nkhaniyi, ine ndidzakhala woyamba kukudalitsa, ndipo ndidzalira kuposa iwe."

Ananena zoona, Kaisu ankadziwa. Akanakhala mayi wankhanza zikanapepuka. Koma asanachoke anapinda zovala zonse zinali mudengu, nasambitsa Otso, nasiya mphika wa supu ya nsomba pachitofu.

Masabata anapita motero. Palibe anamunyoza. Kusitolo amayi a mumpingo ankamufunsa za mwana, za chifuwa cha Senni, za matayala a nyengo yozizira. Mayi ake omubala, amene anasamukira mudzi wina kumwera, ankaimba foni monga kale, koma potsazika, pamene ankati tsala mu mtendere wa Mulungu, tsopano ankangoti chabwino, upereke moni kwa ana. Kaisu anayamba kuwerenga nkhope za anthu asanafike pafupi. Akaona wina akubwera pamsewu, ankawerama ngati akukonza bulangete m'kangolo koyendetsera mwana.

Ankaganiza kuti zimenezi akhoza kuzipirira. Ankadziuza kuti moni sadya, moni safunda.

M'nyumba za okhulupirira muli mwambo umene ana amauphunzira asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Munthu akalakwa amapita kwa wokhulupirira mnzake, kaya ndi mayi, kaya ndi mchimwene, n'kufunsa kuti, kodi ndingakhululukidwe? Ndipo winayo amayankha kuti, khulupirira kuti machimo ako onse akhululukidwa m'dzina la Yesu ndi m'mwazi wake. Basi, nkhani yatha, misozi yauma. Kaisu ankanena mawuwa kangapo pa tsiku, atanyamula mwana, akusonkhezera mphika. Pa ntchito zonse za umayi, iyi ndi imene ankaikonda koposa, chifukwa ankaona kamapewa ka mwana kakutsika.

Tsiku lina Senni atabwera kusukulu anakangana ndi mlongo wake wamng'ono. Anamukankha, mnyamatayo anagunda pakona pa tebulo, mlomo unang'ambika. Magazi sanali ambiri koma phokoso linali lalikulu. Kaisu anathamanga ndi kansalu konyowa, natonthoza wovulalayo, namukhazika pampando ndi bisiketi. Atatembenuka, Senni kunalibe.

Anamupeza pazenera la pabalaza, chipumi atatsamiritsa pagalasi.

"Senni, mlongo wako ali bwino. Taona, akudya."

"Ndinachita dala."

"Ndikudziwa. Bwera kuno."

Mwanayo sanasunthe. "Adadi abwera liti?"

"Mawa madzulo. Ali kutali. Bwera, ndikudalitse."

"Ndidikira adadi."

"Mpaka mawa? Bwera, mwana wanga."

Senni anatembenuka. Mphuno inali yofiira, pakamwa pali gweru pamene panachoka mano. Anamuyang'ana mayi ake mwamanyazi, ngati munthu amene akudziwa chinsinsi cha mnzake.

"Zanu sizikugwira, amayi."

"Wakuuza ndani?"

"Onse akudziwa. Kusukulu ati inu simulinso wokhulupirira, ndiye mukanena mawu aja amangokhala mawu. Ndinafunsa agogo ngati n'zoona."

"Agogo anati chiyani?"

"Anati tizikupemphererani. Anati ndikalakwa ndizipita kwa iwo kapena kwa adadi." Anayang'ananso pazenera. "Koma agogo apita kutauni lero. Nanga ndikafa usiku, amayi? Ndikafa ndisanakhululukidwe?"

Kaisu anagwada pansi. Anamugwira mwanayo mapewa, nanena mawu onse, pang'onopang'ono, kuyambira pa khulupirira mpaka pa mwazi wake. Senni anamvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Mapewa sanatsike.

"Zikomo, amayi," anatero. "Koma muwaimbire foni adadi."

Kaisu anaimba. Foni inaitana nthawi yaitali, kenako kunamveka kulira kwa injini. Kaisu sanafotokoze zambiri. Anati mwana akufuna umudalitse, napereka foni. Anaima potero akuona mwana wake atagwira foniyo ndi manja awiri, akugwedeza mutu, akupuma mozama. Sipanatenge nthawi. Senni anabweza foni, napukuta mphuno ndi mkono wa juzi, nathamanga kukapepesa mlongo wake. Posakhalitsa ankaseka onse.

"Kaisu?" Jouko anali akadali pa foni. "Uli pomwepo?"

Anaidula.

Jouko atafika mawa lake, anamupeza akupachika zovala m'kachipinda kochapira. Anatseka chitseko kumbuyo kwake kuti ana asamve.

"Sindinadziwe kuti zifika kwa ana," anatero.

"Unkaganiza kuti zithera pati? Pakhomo la msonkhano?"

"Ndiyankhula ndi amayi."

"Ukawauza chiyani? Kuti ananama? Iweyo ukukhulupirira kuti ananama?" Kaisu anakung'untha kamalaya. "Tandiyankhe, Jouko. Dzulo ndinamuuza mwana uja mawu aja. Anagwira kapena sanagwire?"

Jouko anayang'ana pansi.

"Ndiwe mwamuna wanga. Ndiuze."

"Sindikudziwa. Ine si mlaliki."

"Nanga iwe ukalakwa lero, ubwera kwa ine?"

Kaisu anaona kuti mwamunayo akufunafuna bodza labwino koma akulephera, chifukwa sanaphunzire kunama.

"Tisamuke," Kaisu anatero. "Tipite kutauni, kumene sakutidziwa."

"Kutauni kulinso okhulupirira. Nkhani ikafika ife tisanatsitse katundu."

"Ndiye tichoke mumpingo. Tonse."

"Ndi ana omwe? Ndiwatenge ana asanu ndiwatulutse kunja, ndikawayankhire ine tsiku lomaliza?" Anakhala pa dengu la zovala, nkhope m'manja. "Ndipo iwe ungachoke? Kunena zoona?"

Kaisu sakanachoka. Sankadziwa nyimbo zina, anthu ena, Mulungu wina. Azichemwali ake onse, alongo ake onse, anzake onse anali mkati. Kunja kunali aphunzitsi, anamwino ndi anthu a m'sitolo, anthu abwino amene sankadziwa kumene nyumba zawo zili.

"Ndinaganiza kuti mwina," Jouko anayamba, osakweza mutu, "ukakachotsa lupuyo, ine ndizigona pabalaza. Palibe angatiletse zimenezo."

"Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Uzigona pabalaza mpaka ndikalambe?"

"Ndiyesetsa."

"Ndipo ukadzayambanso kulephera kuimba? Ukadzapita kwa bambo Reino kukanena kuti tikupewa ana mwa njira ina? Adzati chiyani, ukuganiza?"

Jouko analira. Sanalire mokweza, mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Kaisu anamuyang'ana, mwamuna wamkulu wa manja okhakhala, amene ankadzuka kukamutenthetsera galimoto mmawa wozizira, amene sanamukwezerepo mawu chikwatirane. Anafuna kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira. Anatenga kabudula wonyowa mudengu lina namupachika.

Sabata yotsatira anasiya ana kwa mayi Elvi, nati akupita kusikelo ndi Otso. Mayi Elvi anamuyang'ana, nayang'ananso. Anangomukonzera kolala ya jekete.

Chipatala cha amayi ndi ana chinali kuseri kwa sukulu, nyumba yaifupi ya njerwa zachikasu. Namwino anali yemwe uja amene ankamuyeza mimba zonse zisanu, mayi wonenepa wa ndolo zazikulu, wosakhulupirira, wokonda nthabwala. Anamunyamula Otso m'mwamba.

"Bwana uyu ndiye akudya ndalama za boma. Taonani masaya. Nanga mayi ake?"

"Ndabwera kuti mundichotse lupu."

Namwino anamukhazika mwanayo pansi pang'onopang'ono. Anatembenukira pa kompyuta, nawerenga, ngakhale Kaisu ankadziwa kuti zonse akuzikumbukira.

"Akukupweteka? Ukutaya magazi? Pali njira zina, tikhoza kusintha."

"Ayi. Sindikufuna njira ina."

"Kaisu, unamva zimene dokotala ananena."

"Ndinamva."

"Ukhoza kundibwerezera? Osati kuti ndikukuyesa mwana. Ndikufuna ndimve kuchokera pakamwa pako."

"Chiberekero chikhoza kuphulika. Ndikhoza kufa, ndi mwana yemwe. Ambulansi ikhoza kuchedwa."

"Ndipo uli ndi ana asanu kunyumba."

"N'chifukwa chake ndabwera."

Namwino anavula magalasi, nawaika patebulo. Anakoka mpando wake mpaka maondo awo anatsala pang'ono kugundana.

"Thupi ndi lako, ukandiuza kuti chotsa, ndichotsa, lamulo likutero. Koma ndiyenera kukufunsa, ndipo zimene unganene sizituluka m'chipinda chino. Pali amene akukukakamiza?"

Kaisu anaganiza. Anafunadi kuyankha zoona. Anaganiza za Jouko atakhala pa dengu, za mayi Elvi akusambitsa mwana, za dzanja lofunda la bambo Reino. Palibe anamumenya. Palibe anamuopseza, palibe anamutsekera chitseko, palibe ngakhale mmodzi amene anamuuza kuti pita ukachotse. Akanati atchule dzina, akanatchula la yani? La Senni?

"Palibe," anatero.

"Ukutsimikiza?"

"Palibe amene akundikakamiza."

Namwino anamuyang'anabe kanthawi. Kenako anaimirira, nakoka katani, napita kukasamba m'manja. Kaisu anamuika Otso m'kangolo kake, namumangirira bwino kuti asagwe, nayamba kumasula mabatani.